Mtanda wachitatu wa nsima

Kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chipata, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Angónia, mawu akuti "mwanenepatu" ndi chiyamiko. Mayi akauzidwa chomwecho amamwetulira, pakuti akudziwa kuti pamawuwo pali enanso osatchulidwa: akukusungani bwino, pakhomo panu pali mtendere, simukudwala. Chilankhulo chili ndi zifukwa zake. Anthu amene agogo awo anapulumuka njala ya 1949, iwo eni n'kuona ya 2002, ndiponso amene m'zaka za m'ma 1990 anaika m'manda abale omwe kaliwondewonde anawamaliza ali moyo, sangaone kuwonda ngati chinthu chokoma.

Ndiye chifukwa chake mayi wina wa zaka 52, wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe, anakhala zaka khumi akulandira chiyamikocho ndi manja awiri. Atapita kuchipatala chifukwa cha mutu wosatha ndi kupweteka kwa mawondo, sikelo inaloza makilogalamu 81, ndipo tepi yozunguliza m'chiuno inafika masentimita 96. Namwino anati, "Amayi, magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo shuga wanu waima pakhomo." Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo cha matenda amenewa chimayamba kukwera chiuno cha mayi chikapitirira masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri chikadutsa 88.

Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti kadyedwe kake sikanasinthe kwenikweni. Mitanda itatu ya nsima masana, itatu madzulo, ndiwo muyeso umene anauphunzira kwa amayi ake ku Ntcheu. Koma muyesowo unali wa mkazi wogwira khasu kuyambira mbandakucha, wosinja chimanga mumtondo, wosenza ndowa kuchokera kudambo. Lero iye amakwera minibasi pafupi ndi nyumba, n'kukhala pampando tsiku lonse akudikira ogula. Mbale inatsala ya kumunda pamene thupi linasamukira m'tauni.

Mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi imayezedwa m'makalori. Malangizo a kadyedwe a boma la America, amene madokotala ambiri amawatchula, amati mayi wa zaka zapakati pa 31 ndi 50 amene sagwira ntchito yolemetsa amafunika makalori pafupifupi 1,800 patsiku, ndipo akapitirira zaka 50 amafunika pafupifupi 1,600. Woyendayenda ndi wogwira ntchito ya thukuta angafunike 2,000 mpaka 2,200. Manambalawa ndi ongoyerekeza, chifukwa msinkhu ndi thupi zimasiyana, koma akusonyeza poyera kuti pakati pa mayi wolima ndi mayi wokhala pampando pali kusiyana kwa chakudya chathunthu.

Anzake a mumsika anamuuza kuti ndi kusiya kusamba kumene kwamunenepetsa, ndipo palibe chochita. Mawuwo ali ndi choonadi chochepa chabe. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo panthawiyo mahomoni a estrogen amatsika, mafuta n'kuyamba kusonkhana pamimba m'malo mwa m'ntchafu ndi m'matako. Tulo timavuta, ndipo wosagona bwino amamva njala kawirikawiri. Komabe kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Herman Pontzer, amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2021, anapeza kuti liwiro limene thupi limaotchera chakudya silisintha kwenikweni kuyambira zaka 20 mpaka 60, poyerekeza ndi kukula kwa thupilo. Chimene chimachepa ndi minofu komanso kuyenda. Zonse ziwirizi munthu angazibwezere.

Mayiyu alibe sikelo ya kukhitchini, koma ndi wamalonda, ndipo kuwerengera sikumuvuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi pafupifupi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, ndipo iye ankathira mafuta mumphika mosayeza, kuchokera m'botolo. Supuni yaing'ono ya shuga ndi makalori 16, ndipo ankathira atatu m'kapu iliyonse ya tiyi, kawiri patsiku, pambali pa mandasi. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300, limene ankamwa kukatentha, lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi asanu ndi atatu. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100, wosadzaza n'komwe kapu, uli ndi makalori pafupifupi 360. Atasonkhanitsa zonsezi anaona kuti zonenepetsa zambiri zinkalowa m'thupi mwake popanda iye kuziwerengera ngati chakudya.

Sanagule tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook, ndiponso sanadzimane chakudya tsiku lonse, pakuti njala yadala imadya minofu imene mayi wa msinkhu wake akufunika kuisunga. Anachotsa mtanda wachitatu, n'kudzaza malo ake ndi nkhwani, bonongwe kapena chisoso. Anabwerera ku mgaiwa, umene makalori ake sasiyana kwenikweni ndi a ufa woyera, koma gaga wake amasunga mimba nthawi yaitali. Anayamba kuyeza mafuta ndi supuni. Nyemba, nandolo, mazira ndi usipa anaziika pambale tsiku lililonse, pozindikira kuti zimamanga minofu, ndiponso kuti usipa wodyedwa ndi minga yake umathandiza mafupa amene amafooka msambo ukasiya. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo ku Malawi amaphunzitsa kusikelo ya ana anapeza kuti ndi a akuluakulu omwe. Madzulo amatsika minibasi patali, n'kuyenda mphindi 30, kuti pamlungu akwanitse mphindi 150 zimene WHO imalimbikitsa, ndipo mabelo a nsalu amene ankatuma anyamata ena amanyamula yekha.

Cholinga chake sichinali kubwerera ku thupi la utsikana. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anasonyeza kuti anthu oyandikira matenda a shuga amene anayesetsa kuchepetsa magawo 7 pa 100 alionse a kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pamlungu anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi magawo 58 pa 100. Kwa mayi wa makilogalamu 81, amenewo ndi makilogalamu osakwana 6.

Chovuta koposa sichinali njala, koma anthu. Atapita kumudzi n'kusiya nsima m'mbale, apongozi ake anafunsa, "Kodi takulakwirani chiyani, kapena ndiwo zathu sizikukoma?" Patapita miyezi ingapo, mkulu wake anamutengera kuseri n'kunong'ona, "Achemwali, musandibisire, mwakayezetsa?" Mantha amenewa ndiwo amasunga amayi ambiri m'thupi limene likuwapweteka. Chodabwitsa n'chakuti lero ena mwa omwe akumwa ma ARV, makamaka okhala ndi dolutegravir amene Malawi inayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, akunenepa m'malo mowonda, ndipo afunika kukambirana za kadyedwe ndi achipatala popanda kusiya mankhwala. Thupi lasiya kukhala mboni yodalirika. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ku Malawi anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo wa ku South Africa wa 2016 anapeza amayi 68 pa 100.

M'miyezi isanu ndi itatu mayiyu anatsika makilogalamu 6, ndipo mawondo analeka kulira pokwera chitunda. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwabe, monga anamuuzira achipatala. Kwa apongozi anapeza yankho limene silinyoza wophika: amayamika ndiwo, n'kupempha kuti mtanda wotsalawo amusungire mkute wa mmawa.