Mind, mawu amene ndimadyera ku Glasgow

Kusekondale ku Ntcheu tinkadziwa "mind" ngati dzina chabe, lotanthauza maganizo, ndipo mayeso a MSCE tinakhoza bwinobwino osadziwa kuti mawu omwewa ndi mneninso. Kuno ku Glasgow, komwe ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, mneni ameneyu sapuma. Amayamba m'mawa m'basi, n'kudzatha usiku pozimitsa magetsi, ndipo akamveka kawiri ndiye kuti wanena zinthu ziwiri zosiyana.

Tanthauzo la kuchenjeza silivuta. "Mind your head" walembedwa pakhomo lalifupi, "mind the step" pamene pali chopunthwitsa, ndipo sitima zapansi panthaka za ku London zakhala zikulengeza kuti "mind the gap" kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kuti munthu asaponde mumpata wa pakati pa sitima ndi potsikira. Samala, penyetsetsa, basi.

Pogwera alendo ndi pafunso. Munthu akati, "Do you mind if I open the window?" akufunsa ngati kutsegula zenerako kukusowetseni mtendere. Wolola ayankhe kuti "no", kapena "not at all". Koma ife tinaleredwa kuti wamkulu akapempha kanthu, mawu oyamba kutuluka pakamwa ndi "ee", ndiye anzanga ofika kumene amayankha "yes" uku akumwetulira, wofunsa uja n'kuima dzanja lili pazenera, osadziwa kuti wakanizidwa kapena waloledwa. Ndimawalangiza kuti asiye zonse ziwiri, angoti "go ahead". Ndimawauzanso kuti pambuyo pa "would you mind" mneni wotsatira amatha ndi "-ing": "Would you mind waiting?" osati "to wait". Ndipo funso lotere likachokera kwa abwana, musaliyese funso ayi. Eni kuno amalamula mofunsa.

"I don't mind" ndi yankho laulemu la munthu amene wafunsidwa kusankha pakati pa tiyi ndi khofi, kunena kuti chilichonse chili bwino. Musalisokoneze ndi "I don't care", lomwe limamveka ngati "ndilibe nazo ntchito" ndipo likhoza kukudanitsani ndi munthu. Gogo akati "I wouldn't mind a cup of tea", thamangirani ketulo, tiyiyo akumufuna kwambiri, wangochita manyazi kupempha mwachindunji. Apa pokha ndimaona kuti anthu awa ndi ife sitisiyana kwenikweni, chifukwa kwathunso mlendo wanjala amayamba wanena kuti wadya kale. Ukataya tiyi uja pansi amati "never mind", musadandaule, zisiyeni.

Tanthauzo limene limandipatsa mchere ndi lakulera. "Mind the baby" ndi kuyang'anira mwana mwini wake atachoka. Mayi wolera ana a anzake kunyumba kwake amatchedwa "childminder", ndipo kuno ku Scotland ayenera kulembetsa ku bungwe la Care Inspectorate, n'kumalipidwa potengera maola. Amayi anga ku Lizulu sanalembetse kulikonse, koma ndi amene akulera ana anga awiri, kuwadzutsa, kuwaphikira phala, kuwathamangitsa kuti asachedwe kusukulu, pamsinkhu umene anayenera kukhala pamkeka ife n'kumawatumikira. Kuyambira mu Malichi 2024 boma la Britain linaletsa obwera pa viza ya ntchito yosamalira anthu kubweretsa mabanja awo, ndipo ine ndinafika lamulolo litayamba kale. Choncho ine ndimasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni, amayi anga akusambitsa ndi kudyetsa ana a ine. Sindinyoza ana a okalambawa. Ambiri amabwera Lamlungu ndi maluwa, ena amatuluka akupukuta misozi. Nawonso ntchito inawamanga monga inandimangira ine, kungoti iwo amafika ndi basi.

Chimene lilime langa likukanabe ndi kuitana munthu wa zaka 90 ndi dzina lake loyamba, opanda "a" kutsogolo, opanda "agogo". Malamulo a pantchito amati aliyense aitanidwe mmene iye mwini akufunira, ndipo ambiri amafuna dzina lomwelo. Ndimalitchula, koma mawondo amapindika okha popereka mbale. Iwo amandiitana "hen", momwe a ku Glasgow amaitanira mkazi aliyense mwachikondi.

Tsono pali tanthauzo lina limene silili m'mabuku athu a sekondale, ndipo ku London simungalimve kawirikawiri. Kuno "mind" ndi kukumbukira. Akati "Dae ye mind?" akufunsa kuti kodi mukukumbuka. Akati "mind and phone your mum", akuti usaiwale kuimbira amayi ako. Sikuti a ku Scotland anapotoza Chingelezi. M'Chingelezi chakale kwambiri mawu akuti "gemynd" ankatanthauza kukumbukira zakale, ndipo tanthauzolo likuonekabe mu "remind", kukumbutsa. Ena analisiya, kuno analisunga.

Tanthauzo limeneli limapweteka pomwe lili, chifukwa anthu amene amandifunsa funsoli tsiku ndi tsiku ndi odwala matenda oiwala. Zam'mawa uno alibe, dzina la mwana wawo lomwe limawathawa, koma zaubwana zili mbee. Agogo ena aakazi amandigwira dzanja pamene ndikuwapesa, n'kufunsa ngati ndikukumbuka matiramu, sitima zija zinkayenda m'misewu ya Glasgow mpaka 1962. Amafunsa ngati ndikukumbuka chikhamu cha anthu potuluka pa fakitale ya Singer ku Clydebank, komwe ankagwira ntchito ali mtsikana, isanatsekedwe mu 1980. Amandiyesa mnzawo wapamzere. Tinaphunzitsidwa kusatsutsana ndi odwala otere, ndiye ndimati "aye", "ee" wa kuno, iwo n'kupitiriza. Koma dzina loti Singer likangomveka, ine ndapita kale. Ndili pakhonde la sitolo ku Lizulu, telala akupalasa makina akuda a malemba agolide, tepi ili m'khosi, akulonjeza kuti yunifolomu itha mawa, mawa lake losafika. Kutsidya kwa msewu wa M1 ndi ku Mozambique, ndipo amayi ogulitsa kabichi, tomato ndi mbatatesi amathamangira basi iliyonse yoima, mabeseni ali pamutu. Agogo aja akamaliza za Clydebank amaoneka okhuta. Ine ndimatsala ndi chipeso m'manja, tsitsi lawo ndisanamalize.

Mwezi wa Disembala ndiye woipitsitsa. Dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mvula ya kuno imagwa yopanda fungo, yopanda bingu, yosadzutsa munthu kuti atenge khasu. Kwathu mwezi umenewu ndi wa ngumbi, wa bowa wa m'mbali mwa msewu, wa mango ogwa okha usiku, chimanga chikufika m'mawondo, anthu ali kalikiliki kupalira. Ufa umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa, nsima ndimaphika, koma chigwada ndi nkhwani wotendera ndimangozimva pafoni. Nyengo yozizira ino kwathu amakhala patsogolo ndi maola awiri, moti ndikaweruka 8 koloko usiku ana anagona kalekale, ndipo amayi sakonda kudzutsidwa.

Anthu a kuno akamva kuti ndine wa ku Malawi amasangalala, n'kunditumiza ku Blantyre wawo, kamtauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Ndinapitako. Nyumba yake anaisunga bwino. Phiri la Ndirande kulibe.

Loweruka lapitali ndinawapeza amayi pafoni masana. Anati mwana wamng'ono uja wayamba kuwaitana "amama", ndipo akamuonetsa chithunzi changa amati ndi "amama a mufoni". Anazinena akuseka, kenako anatembenukira ku nkhani imene anaiyembekezera sabata yonse: feteleza wokulitsa anathira kale, koma wobereketsa sanagule, mtengo wakweranso, ndipo aganyu opalira akufuna zawo.

"Mwanangu, usadzipanikize," anatero, "koma chimanga sichidikira."

Lolemba abwana anandipeza m'khitchini ali ndi pepala la ndandanda wa ntchito. Anafunsa kuti, "Would you mind working Christmas Day?" Eni kuno tsiku limenelo amalifuna kuti akadye ndi mabanja awo, ndipo pantchito pathu wogwira tsikulo malipiro ake amakwera. Ndinawerengera msanga matumba a feteleza m'mutu, n'kuyankha kuti "not at all". Analemba dzina langa pa 25 ndi pa 26 pomwe.