Nkhono Yosaka Nsomba

Ife a kumtunda timaidziwa nkhono ngati kanyama kofatsa, kongodya ndere ndi masamba. Inenso ndinali kuganiza comweco kufikira tsiku limene ndinapita ku Pemba, m'dziko la Mozambique, m'mbali mwa nyanja yamcere ya India.

M'mamawa, madzi atabwerera m'kati, ndinaona pakati pa miyala cigoba cokongola, cotalika ngati cikhato canga, ca mawanga oyera ndi ofiirira onga mapu a kusukulu. Ndinatambasula dzanja kuti ndicitole, ndikapatse mwana wanga. Pomwepo msodzi wina wacikulire anandimenya pamkono. Ndinapsa mtima ndithu. Koma atandilongosolera, ndinagwidwa manyazi, ndipo ndinawomba m'manja kumthokoza.

Nkhono imeneyi anthu ophunzira amaicha Conus geographus, dzina limene Linnaeus anaipatsa m'caka ca 1758. Usana imabisala, usiku imatuluka kukasaka. Kapena mudzafunsa kuti, cinthu coyenda pang'onopang'ono cotere cingagwire bwanji nsomba? Tamverani. Imayandikira tinsomba togona, nilavulira ululu wake m'madzi. M'caka ca 2015 kunadziwika kuti mu ululumo muli insulini, wofanana ndi uja amabaya odwala nthenda ya shuga. Shuga akacepa m'mwazi mwa tinsombato, timalefuka ngati taledzera. Apo nkhono imayasamula kukamwa kwake ngati khoka, nitikuta, nitilasa ndi dzino. Dzinolo liri ngati mubvi wamphako wodzala ndi ululu. Limalasa kamodzi kokha, koma ena ali cikonzekere m'kathumba.

Munthu akalasidwa, poyamba mkono umacita dzanzi, kenaka thupi lonse limalefuka, potsiriza amalephera kupuma. M'caka ca 1935, pa cisumbu ca Hayman ku Australia, mnyamata wina anaitola monga ndinafunira ine, namwalira atapita maola asanu. Mankhwala othetsa ululuwu palibe. Kucipatala amangomthandiza munthu kupuma ndi makina kufikira ululuwo utatha mphamvu. Komabe mu ululu wa mbale wake, Conus magus, asing'anga anapezamo mankhwala oziziritsa kupweteka koopsa, amene analoledwa ku America m'caka ca 2004.

Mwana wanga sindinambwerere cimanjamanja. Msodzi uja anandisankhira yekha cigoba cina ca pamcenga, atayamba wacitembenuza ndi ndodo ndi kusuzumiramo kawiri.