Nsalu ya pabedi ndi dzuwa la ku Bamako

Achinyamata akabwera kwa ine kuti akufuna kuyamba bizinesi yojambula zithunzi, funso lawo loyamba limakhala la kamera: agule iti, ya ndalama zingati. Ine ndimayamba ndawafotokozera za Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali.

Keïta anali mwana wa kalipentala, ndipo nayenso anakula akupala matabwa. Mu 1935 wachibale wake wina, pochokera ku Senegal, anamubweretsera kakamera ka Kodak Brownie. Mu 1948 anatsegula situdiyo yake pakhomo, m'dera la Bamako-Coura. Nsalu yoyamba imene ankapachika kumbuyo kwa makasitomala inali yoyala pabedi pake. Nyale yake yaikulu inali dzuwa, chifukwa ankakonda kujambulira panja, pabwalo.

Filimu inali yokwera mtengo, choncho kawirikawiri munthu aliyense ankamujambula kamodzi kokha. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ngati mpata uli umodzi, ntchito imathera pokonzekera: munthu akhale bwanji, manja aike pati, chibwano chiloze kuti. Keïta ankasunga masuti, mawotchi, magalasi, wailesi, njinga ndi njinga yamoto ya Vespa, kuti kasitomala asankhe chimene akufuna kuoneka nacho. Mnyamata wopanda wailesi kwawo ankatsamira wailesi monyadira, chithunzicho n'kupita kwa abale akutali. Amayi ankabwera atatchena nsalu zamaluwa, iye n'kuwakhazika patsogolo pa nsalu inanso yamaluwa, koma nkhope n'kumaonekabe bwino lomwe.

Ndinayesapo zimenezi ndi chitenje, osaganiza mofatsa. Mayi wina anabwera atavala chitenje cha maluwa ofanana kukula ndi a chimene ndinapachika, ndipo pachithunzipo anangomira m'nsalumo, kutsala mutu wokha. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsiratu zimene munthu adzavale. Ngati zovala zili ndi maluwa akuluakulu, kumbuyo ndimaika ya timaluwa ting'onoting'ono, ndipo munthuyo ndimamusendeza mapazi angapo kuchoka pansaluyo. Ndimafunsanso kuti chithunzicho n'chachiyani. Cha chinkhoswe sichikonzedwa ngati cha pakhoma la ofesi. Dzuwa la paliwombo ndimalipewa, chifukwa limasandutsa maso kukhala maenje akuda. Ndimadikira la m'mawa kapena la kumadzulo, apo ayi timalowa pamthunzi wa khonde.

China chimene ndimamulemekezera Keïta n'choti sankataya manegetivu ake. Mu 1962 anayamba kujambulira boma, situdiyo n'kutsekedwa patapita nthawi pang'ono, koma manegetivu masauzande anawasunga bwinobwino. Mu 1991 zithunzi zake zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lake. André Magnin wa ku France anamufufuza mpaka kumupeza ku Bamako, ndipo mu 1994 zinaonetsedwa ku Paris, ulendo uno dzina lili pomwepo. Anamwalira ku Paris komweko mu 2001.

Ife a masiku ano timajambula kambirimbiri pa munthu mmodzi, kenako n'kufufuta khadi kuti pakhale malo a ukwati wa Loweruka likudzali. Zimandipweteka mtima, chifukwa nkhope za agogo ambiri zatayika m'njira imeneyi. Inu amene mukuyamba, musanathamangire kamera yodula, gulani kaye posungira zithunzi pawiri, ndipo chithunzi chilichonse muchilembe dzina lanu ndi tsiku limene munajambula.