Tsiku limene laputopu yanga inandikana

Linali Lachinayi cha m'ma 6 koloko m'mawa pamene laputopu yanga inandiyesa mlendo. Ndinalemba pasiwedi yomwe ndakhala ndikulemba kwa zaka zambiri, iyo n'kunena kuti ndalakwitsa. Ndinaseka poganiza kuti ndi tulo. Ndinalembanso, inakana. Kachitatu ndinalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono ngati mmene amayi amalembera uthenga pa WhatsApp, koma yankho linali lomwelo. Apa thukuta linayamba kutuluka.

Ntchito yanga ndi yolembera makampani nkhani za pa Facebook ndi pa mawebusaiti awo. M'laputopumo munali nkhani zinayi zimene ndimayenera kutumiza Lachisanu masana, ndipo ndalama yake ndi imene ndinawerengera pa lendi ya nyumba yathu ku Kawale 2. Komabe nkhani ndikanatha kuzilembanso usiku wonse. Chimene chinandiumitsa pakamwa ndi mawu a agogo. Mu 2021 ndinapita kumudzi ku Dedza ndi kuwajambula kwa maola awiri akufotokoza za mtundu wathu, yemwe anabala uje, kumene tinachokera ndi chifukwa chake tinasamuka. Chaka chotsatira anatisiya. Foni imene ndinajambulira inabedwa ku depoti, choncho mawuwo anatsala malo amodzi okha padziko lonse: kuseri kwa pasiwedi ija.

Ndinatenga foni kuti ndiyese kulowa mu akaunti yanga ya Microsoft, poti ndi imene ndimatsegulira Windows. Pafoni pasiwedi inadutsa bwinobwino, koma anati anditumizira nambala yotsimikizira kuti ndine mwini wake. Anaitumiza kuti? Ku layini ija inapita ndi foni yobedwa. Nthawi imeneyo, m'malo mokabwezeretsa nambala yanga, ndinangogula simu ina, osakumbuka kuti maakaunti anga onse anamangirira pa yakaleyo. Nditawerenga malangizo awo ndinapeza kuti ukataya njira zonse zotsimikizira, kuika zatsopano kumadikiritsa masiku 30. Eni nyumba sadikira masiku 30.

Ndinakwera kabaza mpaka m'tauni, kwa anyamata okonza mafoni ndi makompyuta kufupi ndi msika waukulu. Mmodzi anaiyang'ana kwa mphindi imodzi yokha.

"Biggie, iyi n'njofomata basi. Pofika 2 koloko mudzaipeza ili nyuwani."

Ndinafunsa za mafayilo anga. Anakweza mapewa. Mnzake wachikulire pang'ono ndiye anandimasulira bwino. Anati kale ankangochotsa hadi disiki, n'kuilumikiza ku kompyuta ina, n'kukopera zonse. Koma malaputopu ambiri a masiku ano amakhoma zam'kati ndi BitLocker, ndipo ukatulutsa disikiyo imafuna kiyi ya manambala 48, imene nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft yomweyo. Ndiye kuti kiyi ya nyumba ndinali nditaitsekera m'nyumba momwemo.

"Ngati muli zinthu zofunika, musalole munthu aifomate lero," anatero. "Kufomata n'kosavuta, koma kulibe pobwerera."

Ndinabwerera ku Kawale laputopu ili m'chikwama, mtima uli m'mwamba. Amayi atandiona anafunsa ngati kwagwa maliro. Nditawauza za mawu a agogo anakhala chete, kenako anangoti, "Paja ndimati udzanditumizire pafoni." Zoonadi anali atanena kangapo, ine n'kumati mawa.

Madzulo mchemwali wanga wamng'ono, amene ali Fomu 3, anabwera kusukulu n'kundipeza ndikuyesabe. Anamvetsera nkhani yonse akudya chinangwa.

"Achimwene, mwati pafoni yadutsa?"

"Eya."

"Ndiye simunaiwale. Tadinani kadiso ako tione zimene mukulemba."

Kadisoko kamakhala kumapeto kwa bokosi la pasiwedi, ndipo ukakadina osachotsa chala kamaonetsa zilembo m'malo mwa timadontho. Tsiku lonse sindinakaganizire. Nditadina ndinaona kuti pamene ndimaika chizindikiro cha @ pankatuluka timizere tiwiri ta mawu ogwidwa.

Vuto linali lochititsa manyazi. Laputopu yanga ndi yogwirapo kale ntchito yochokera ku UK, ndipo pa kiyibodi ya kumeneko @ amakhala kufupi ndi batani la Enter. Pa kiyibodi ya ku America amakhala pa nambala 2, ndipo zizindikiro ziwirizi zimangosinthana malo. Windows imalola kusintha pakati pa mitundu iwiriyi podina batani la Windows limodzi ndi batani lalitali lija lolekanitsira mawu. Dzulo lake mwana wa aneba wa zaka zinayi anali akuimba ng'oma pa kiyibodiyo ine ndili kubafa. Pakona ya m'munsi kudzanja lamanja panalembedwa ENG US. Ndinasankha United Kingdom, ndinalemba pasiwedi, laputopu inatseguka ngati palibe chinachitika.

Nkhani za kasitomala sindinazikhudze kaye. Ndinatsegula fayilo ya agogo, mawu awo n'kudzaza pabalaza, akutsokomola, akundikalipira kuti ndasendeza foni pafupi kwambiri ndi pakamwa pawo. Amayi anasiya nsima pamoto n'kudzakhala pansi. Tinadya yopserera usiku umenewo, ndipo palibe anadandaula.

Tisanagone ndinakopera mawuwo pa fulashi, ndinawaika pa Google Drive, n'kuwatumizanso kwa amayi ndi kwa amalume ku Dedza. Ndinayambanso ndondomeko yoika nambala yanga yatsopano pa akauntiyo, pamodzi ndi imelo yachiwiri, ndipo masiku 30 aja ndinawadikira mosadandaula. Nkhani zinayi zija ndinatumiza Lachisanu kutatsala mphindi 20 kuti 12 ikwane.

Inu amene mukuwerenga pafoni, tangotsegulani akaunti yanu lero muone nambala imene ili pamenepo. Ngati ndi ya simu imene munataya kalekale, isintheni mukadali ndi mwayi wolowa. Ndipo tsiku limene kompyuta idzakukaneni, musanathamangire kokafomatitsa, yang'anani Caps Lock, yang'anani pakona paja palembedwa chiyani, dinani kadiso.

Mchemwali wanga uja akundilipitsabe. Mpaka pano bando yake ya sabata iliyonse ndikugula ndine.