Mimba yanga, makapisozi ndi chambiko

Kwa zaka zitatu mimba yanga yakhala ikundichititsa manyazi. Ndikangodya nsima ya nyemba mumsika, imatupa, n'kuyamba kupotokola, basi liwiro la kuchimbudzi cholipira. Sabata ino kutsekula, sabata yamawa kudzimbidwa. Tsiku lina ndinathawa ndili pakati pocheza ndi mayi wogulitsa tomato. Nkhani sinalembedwe, ndalama yake osaiona.

Anzanga ankati ndi maalsa. Azakhali ankati wina anandidyetsa. Ine ndinkangogula makapisozi pabenchi, koma zinkangoipiraipira.

Nditapita kuchipatala anandiyeza magazi ndi chimbudzi, osapeza kanthu. Ndinakwiya, eti ndikunama ine? Adokotala anandikhazika pansi nati, "Achimwene, ululuwo ndi weniweni. Matendawa amatchedwa irritable bowel syndrome, mwachidule IBS." Akuti matumbo alibe bala, koma mitsempha yake imamva msanga. Mpweya umene mnzako saumva n'komwe, iwe umaumva ngati mpeni. Nkhawa nayo imawonjezera moto, ndipo nkhawa ya ngongole inu amalonda mukuidziwa bwino.

Chinandidabwitsa n'chakuti m'matumbo mumakhala tizilombo tothandiza, ndipo makapisozi anga aja ankapha tabwino ndi toipa tomwe. Tizilombo tabwino tamoyo timene munthu amachita kumwa kapena kudya timatchedwa ma probiotics. Mu 2007 akatswiri a ku Lille, ku France, anapeza kuti mtundu wina wa Lactobacillus acidophilus unkachepetsa ululu wa m'matumbo mwa makoswe. Komatu khoswe si munthu. Kwa anthu, ena amapezako bwino, ena ayi, ndipo mtundu uliwonse umagwira mwakemwake. Mu 2021 bungwe la American College of Gastroenterology linati umboni wake ndi wofooka, pamene madokotala a ku Britain anati munthu angathe kuyesa mpaka masabata 12, ndipo zikakanika asiye.

A ku famase mtengo wake unandithawitsa. Ndinayamba kumwa kapu ya chambiko m'mawa uliwonse, ngakhale tizilombo ta m'chambiko si tomwe taja anayesa ku Lille. Ndinachepetsanso nyemba, kabichi ndi anyezi, n'kumalemba m'kope zimene ndadya. Sindinachiriretu, koma masiku oipa achepa. Mnzanga wina wogulitsa kaunjika anayesa chambiko chomwecho, iye n'kumutsekula m'mimba, poti mkaka sagwirizana nawo.

Choncho wina akakwera minibasi ndi botolo, akuti limachiza m'mimba mwa mtundu uliwonse, gwirani thumba lanu. Ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, kapena mukuonda popanda chifukwa, kapena ululu ukukudzutsani usiku, musataye nthawi ndi chambiko. Siyirani mnzanu benchi, pitani kuchipatala lero lomwe.