Fumbi la ku Kabwe

Munthu akacoka ku Lusaka ndi kuyenda makilomita pafupifupi 140 pa mseu waukulu wopita kumpoto, amafika ku Kabwe. Ine ndinafikako m'mwezi wa August, nyengo ya mphepo. Nditapumula pansi pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, pamene apaulendo akale anali kusonkhanirapo, ndinalunjika ku komboni ya Kasanda. Kumeneko ndinapeza ana alikusewera mpira osabvala nsapato, fumbi lili koboo. Capatali pang'ono panaoneka cimulu cakuda ca zotsalira za mgodi, cimene eni dera amacicha Black Mountain.

Mwala wa mtobvu ndi zinki unapezeka kuno mu 1902, ndipo malowa anachedwa Broken Hill. Mgodi unadyetsa mabanja ambirimbiri kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Koma pa zaka zonsezo utsi wa ng'anjo zosungunulira miyala unali kugwetsera mtobvu pa nthaka. Mtobvu suola monga zinyalala za kumunda. Umakhalabe pomwe unagwera.

Akatswiri a miyala ndi nthaka, Imasiku Nyambe wa pa University of Zambia ndi Bohdan Kříbek wa ku Czech Republic, pamodzi ndi anzao, anatapa dothi m'malo osiyanasiyana ozungulira mgodi nalipima. Zimene anafalitsa mu 2019 zionetsa kuti mtobvu wacuruka m'dothi la pamwamba, makamaka kumene mphepo imaloza pocokera ku mgodi. Popeza mphepo ya kuno imaomba kawirikawiri kucokera cakum'mawa, makomboni a cakumadzulo monga Kasanda ndi Makululu ndiwo analandira gawo lalikulu.

Nanga dothilo limafika bwanji m'thupi? Mwana wokwawa amagwira pansi, naika cala m'kamwa. Fumbi limagwera pa ndiwo, pa mbale ndi pa mphasa. Likafika m'mimba, mtobvu umasungunuka ndi kulowa m'magazi, ndipo thupi la mwana limaulandira koposa la munthu wamkulu. Umaononga ubongo, umacepetsa magazi, ndipo mwana amabvutika kugwira maphunziro ngakhale aoneke wathanzi. Mu 2015, Dr John Yabe ndi anzake a ku Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zotsatira za kupima ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onsewo anapezeka ndi mtobvu wopitirira muyeso umene umacititsa madokotala nkhawa.

Inu makolo a m'derali, nchito yocotsa kapena kukwirira dothi loipitsidwa ndi yaikulu, yoyenera boma ndi onse amene anapindula ndi mgodi. Komabe pali zimene banja lingacite lero lomwe. Wazani madzi musanasese, bzalani kapinga pabwalo, sambitsani ana m'manja asanadye, ndipo tsukani ndiwo bwino. Kapenta, nyemba ndi mkaka zimathandiza kuti thupi lisalandire mtobvu wambiri. Amai oyembekezera aleke kudya dothi, pakuti mtobvu umafika ndi kwa mwana ali m'mimba. Pitani nao ana ku cipatala kukapimitsa magazi.

Pobwerera madzulo ndinapukuta fumbi ku nsapato zanga ndi kukwera basi. Ana aja anali akali pabwalo, alikulimbirana mpira wao.