Giya yotembenuza ndi ya kubwalo la mpikisano, osati pamsewu wa kwathu

Anyamata a pasekondale yoyendera pomwe ndimaphunzitsa amadziwa mayina a akatswiri a mpikisano wa njinga zamoto kuposa mayina a mitsinje ya m'boma lawo. Marc Marquez, Francesco Bagnaia ndi Brad Binder amawatchula ngati adakulira nawo mudzi umodzi. Mavidiyo amawapeza pa TikTok ndi Facebook, ena amakawaikitsa pamemore kwa obena nyimbo kumsika. Ine sindidana nazo, nanenso ndimaonera. Chondidetsa nkhawa n'choti ambiri mwa anyamatawa amayendetsa kabaza pa holide, ndipo ayamba kusirira kanthu kena komwe sakudziwa chifukwa chake.

Kanthuko ndi kalowetsedwe ka magiya. Panjinga zamoto zambiri, giya yoyamba umaponda pansi ndi phazi lamanzere, zotsalazo umatukula ndi chala. Mumpikisano wa MotoGP okwera ambiri adatembenuza: yoyamba amatukula, kuyambira yachiwiri mpaka yachisanu n'chimodzi amaponda pansi. Sadachite izi pofuna kuoneka ochenjera. Pakona, njinga zawo zimapendekeka mpaka madigiri 60, bondo ndi chigongono zikukhula phula. Akamatuluka pakona yakumanzere n'kufuna kukweza giya, pansi pa chopondera sipatsala malo olowetsa phazi. Kuponda kuchokera pamwamba ndiko kumapulumutsa zala, komanso n'kwachangu.

Makaniko wina wa pamsika wathu adandiuza kuti anyamata awiri adampempha kuti awatembenuzire chopondera ngati cha m'vidiyo. Iye adakana, ndipo ndimamuyamikira. Njinga ya kabaza si ya munthu mmodzi. Mmawa ili ndi mwini wake, masana ili ndi mnyamata waganyu, madzulo wabwereka mlamu kukatenga wodwala. Phazi lili ndi chizolowezi chake, siliyembekeza mutu kuti uganize. Wobwereka uja akafuna kukweza giya adzatukula monga mwa masiku onse, njinga n'kutsika giya ili paliwiro. Injini imakuwa, tayala lakumbuyo limagwira mwadzidzidzi, ndipo pamsewu wa fumbi kapena wa matope mapeto ake ndi kugwa, pamodzi ndi mayi ndi mwana amene ali kumbuyo. Pasiteji imodzi ya kabaza pali kale njinga zosiyana, zina magiya ake onse ndi oponda pansi. Tisawonjezerepo chisokonezo china chifukwa cha vidiyo.

Vidiyo imakuonetsa phazi ndi bondo, koma siikuonetsa zomwe zazungulira wokwerayo. Pabwalo la mpikisano onse amalowera mbali imodzi. Palibe mbuzi, ngolo, mwana wothamangira mpira kapena lole yobwera kutsogolo. Kunja kwa kona adathira miyala ing'onoing'ono yoti wakugwa atsetserekerepo, ndipo madokotala ndi helikopita amakhala chire. Zovala zawo ndi zachikopa, ndipo kuyambira 2018 lamulo limawakakamiza kuvala zokhala ndi thumba lomwe limadzipopa mpweya munthu asanamenye pansi. Ngakhale zili choncho, Marquez atagwa ku Jerez m'dziko la Spain mu 2020 adathyoka mkono wamanja ndipo adachitidwa maopaleshoni anayi. Marco Simoncelli adafera pabwalo la Sepang ku Malaysia mu 2011 ali ndi zaka 24.

Anyamata anga amandiyankha kuti, “Koma aphunzitsi, ena aja amathamanga pamsewu weniweni, pakati pa nyumba.” Akunena mpikisano wa Isle of Man TT, womwe udayamba mu 1907. N'zoona, njira yake ya makilomita 60 ndi msewu wa anthu onse, koma pamasiku a mpikisano msewuwo amautseka. Ndipo okwera oposa 250 adafera panjira imeneyo. Kunena za aja omangirira kamera pachipewa n'kumazemba magalimoto mumzinda, timaona mavidiyo a okhawo amene adafika kunyumba.

Poti ndimaphunzitsa fizikisi, mavidiyo omwewa ndidawasandutsa phunziro la Fomu 3. Binder, mnyamata wa ku South Africa, adafika makilomita 366.1 pa ola ku Mugello, m'dziko la Italy, mu 2023. Tikawerengera pabolodi, amenewo ndi mamita oposa 100 pa sekondi imodzi, kutalika kwa bwalo la mpira. Kalasi yonse imaomba m'manja. Kenako timawerengera kabaza wa makilomita 60 pa ola: mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Ndiye kuti mwana akatulukira m'chimanga, iwe ukadaganiza zogwira buleki, wadutsa kale nyumba ziwiri. Ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pamenepo m'kalasi mumangoti zii, chifukwa aliyense akudziwa kona ya kumsika ndi ana amene amasewera pamenepo.

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, kulanda mafoni sikungathandize, mavidiyowa adafika kale. Tiyeni tizionera nawo limodzi, n'kumawafunsa kuti akufotokozereni chifukwa cha chilichonse chomwe akusirira. Safunsa adadya phula. Mwana amene wamvetsa chifukwa chomwe Marquez amapondera giya pansi amazindikira yekha kuti kabaza sapendekeka mpaka chigongono kukhudza dothi, choncho vuto lomwe giya yotembenuza imathetsa iye alibe.

Kwa amakaniko ndi atcheyamani a masiteji, pempho langa n'lakuti chopondera magiya chikhale momwe chidabwerera. Ngati anyamata akufunitsitsa kutengera akatswiri awo, ayambe ndi chipewa chomanga bwino pachibwano, china cha wokwera naye, nsapato zotseka m'malo mwa patapata, ndi kuyang'ana mabuleki ndi matayala asanadzutse injini. Zimenezi Bagnaia ndi anzake sazidumpha ngakhale tsiku limodzi, kungoti wojambula vidiyo amazidula.